Maphunziro a zacilengedwe m'sukulu za zilankhulo ziwiri: zoyenera kuika patsogolo

Caka ciliconse pa 5 Juni, tsiku loganizira zacilengedwe pa dziko lonse, sukulu zambiri za m'zigawo za Tete ndi Niassa zimacita mwambo wofanana. Ana amafola pabwalo, amaimba, wina amalakatula za kuipa kwa kudula mitengo, kenaka aliyense amalandira mbande ya m'cubu kuti akabzale kuseri kwa makalasi. Alendo amajambula zithunzi n'kubwerera kwawo. Koma Juni ndi mwezi wa cisanu. Mvula inaleka ca mu Epulo ndipo yotsatira sidzagwa mpaka Novembala kapena Disembala. Mbande ija iyenera kupirira miyezi isanu ya dzuwa, mbuzi zimene zamasulidwa anthu atakolola, ciswe, ndi moto wa m'cilimwe. Ndi zocepa zimene zimaiona mvula. Caka cotsatira, pa tsiku lomwelo, mbande zatsopano zimalowa m'maenje omwe aja.

Palibe cifukwa colozera cala mphunzitsi pa zimenezi. Tsikulo limakumbutsa kutsegulidwa kwa msonkhano wa bungwe la maiko onse la ONU umene unacitikira ku Stockholm mu 1972, ndipo ku Sweden mwezi wa Juni ndi nyengo yofunda ndi yobiriwira. Kalendala yake inabwera yopangidwa kale. Komabe nkhani ya mbandeyi ikuonetsa vuto limene lili pakati penipeni pa maphunziro a zacilengedwe. Amacitidwa ngati mwambo wa tsiku limodzi, pamene zinthu zimene amakamba zimayenda pang'onopang'ono. Mlombwa umatenga zaka makumi angapo kuti ufike pocekedwa matabwa. Cigwembe cimene lero cadula msewu cinayamba ngati kanjira ka ng'ombe. Mwana amene ali mu kalasi 1 adzayamba kusankha yekha za munda, nkhuni ndi ukonde pakapita zaka 15 kapena 20. Conco pamene sukulu ikukonza mapulani, funso lothandiza ndi lakuti: ndi nchito ziti zimene zingapitirire mpaka nthawi imeneyo, ngakhale aphunzitsi atasamutsidwa ndipo thandizo la mabungwe litatha?

Pa mapepala zinthu zili bwino ndithu. Msonkhano wa ku Tbilisi wa 1977, umene unakonzedwa ndi UNESCO pamodzi ndi UNEP, unagwirizana kuti maphunzirowa akhale a moyo wonse, alowe m'maphunziro onse, ndipo asathere pa kudziwa kokha koma afike pa luso ndi pa kutenga nawo mbali. Moçambique ili ndi Lamulo la Zacilengedwe, Lei 20/97. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale imene inayamba kugwira nchito mu 2004 inaika zacilengedwe pakati pa mitu yodutsa m'maphunziro onse, ndipo inasiya magawo 20 pa 100 a nthawi yophunzira kuti akhale a Currículo Local, ndiye kuti zophunzira zocokera m'dera lomwelo. Pa ulamuliro wa Armando Guebuza kunabwera mfundo ya "um aluno, uma planta", mwana aliyense mtengo wake. Mu 2021, ku Berlin, maiko analonjezanso kuti zacilengedwe zikhale pa mtima pa maphunziro onse. Cimene cikusowa si lamulo lina. Mutu wodutsa m'maphunziro onse uli ndi ngozi yakuti aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye auphunzitsa, ndipo nthawi ya Currículo Local kawirikawiri imamezedwa ndi kuthamangira kumaliza buku mayeso asanafike.

Mawu amene mwana amabwera nawo

Sukulu ya zilankhulo ziwiri ili ndi mwayi umene sukulu ya Cipwitikizi cokha ilibe, ndipo apa m'pamene nchito ya nthawi yaitali iyenera kuyambira. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 17 okha pa 100 alionse ndiwo anayamwira Cipwitikizi. Mwana wa ku Angónia, Macanga kapena Lago amafika pa sukulu ali ndi zaka 6 atadziwa kale zambiri za malo ake, koma zonsezo zili m'Cinyanja. Amasiyanitsa dambo ndi dimba, msuku ndi mpoza, ng'amba ndi cilala. Amadziwa kuti mvula yoyamba imene imagwa pa lupsa, cizimalupsa, si yobzalira. Buku la Cipwitikizi limagawa caka pawiri, nyengo yotentha ya mvula ndi nyengo yozizira youma, pamene mwanayo ali ndi dzinja, masika, cisanu ndi cilimwe, ndipo nyengo iliyonse ili ndi nchito zake ndi zakudya zake. Wa kunyanja amachula mphepo ndi maina, mwera ndi mpoto, ndipo amadziwa imene imaletsa bwato kulowa m'madzi. Ngakhale mvula yamawawa ya m'cisanu, ciperoni, dzina lake linacokera ku phiri la Chiperone la ku Zambézia komwe kuno.

Mawu oterewa ndiwo ciyambi ca sayansi, cifukwa sayansi imayamba ndi kusiyanitsa zinthu zimene munthu wosadziwa amaziona ngati cimodzi. Kuyambira nthawi ya PEBIMO, pulojekiti yoyesera imene inaphunzitsa ana m'Cinyanja ku Tete ndi m'Xichangana ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, zakhala zikuoneka kuti ana amayankha, amafunsa ndiponso amatsutsa pamene phunziro lili m'cilankhulo cawo. Feliciano Chimbutane, m'buku lake la 2011 lonena za sukulu za zilankhulo ziwiri za ku Gaza, anaonetsa kuti m'makalasi otere nzeru za kumudzi zimalowa m'phunziro, koma kuti kulankhula kwa ana kumacepa pamene phunziro lasamukira ku Cipwitikizi.

Apa ndiye pali msampha. M'dongosolo limene linakhazikitsidwa mu 2003, cilankhulo ca mwana ndico cophunzitsira m'makalasi oyamba, ndipo Cipwitikizi cimayamba kutenga malowo ca mu kalasi 4. Phunziro la Ciências Naturais limakula pa nthawi yomweyo. Zotsatira zake n'zakuti nkhani za nthaka, madzi ndi nkhalango zimafika kwa mwana pamene pakamwa pake pangotsekedwa kumene. Amaloweza kuti "erosão" ndi ciani, amalemba pa mayeso n'kukhoza, koma salumikiza liwulo ndi cigwembe cimene amadumpha m'mawa uliwonse popita ku sukulu. Ndi kuloweza kotereku kumene kumabala ana odziwa kuimba za mitengo koma osadziwa cifukwa cake kasupe wa m'mudzi mwawo anaphwa.

Citsanzo ca bowa cingathandize. Mayi aliyense wothyola bowa amadziwa kuti manyame amapezeka m'nkhalango ya miombo, pansi pa mombo, mtondo ndi msuku, ndipo utale umamera pa culu. Amadziwanso kuti nkhalango ikadulidwa bowa uja amasowa. Sayansi imafotokoza cifukwa cake. Pansi pa nthaka bowa ali ndi timaulusi timene timakulunga mizu ya mitengoyo. Timapatsa mtengo madzi ndi micere ya m'nthaka, ndipo mtengo umabwezera cakudya cimene masamba ake apanga ndi kuwala kwa dzuwa. Utale nawo umalimidwa ndi ciswe mkati mwa culu. Mphunzitsi amene wayamba ndi funso lakuti "bowa amene munadya dzulo anacokera pansi pa mtengo wanji?" amapeza mayankho khumi nthawi yomweyo, ndipo kucokera pamenepo akhoza kufika pa mfundo yakuti zamoyo zimadalirana, n'kupereka mawu ake a Cipwitikizi mwana atamvetsa kale cinthuco. Cimodzimodzi msangu. Alimi amausiya m'munda cifukwa umayoyola masamba m'dzinja, pamene mitengo ina yadzaza masamba, kotero suphimba cimanga, ndipo nthaka ya pansi pake imakhala yaconde. Buku lingowonjezera kuti mizu yake imathandiza kukoka nayitirojeni ya mumpweya kulowa m'nthaka.

Nchito yoyamba ya nthawi yaitali, conco, ndi ya mawu. Mawu ambiri alipo kale ndipo akungofunika kulembedwa asanapite ndi okalamba: maina a mitengo, a udzu, a nsomba, a mitundu ya nthaka, a mphepo. Ena kulibe, monga a mpweya umene ukutenthetsa dziko kapena a madzi osungika pansi pa miyala, ndipo apo pafunika kusankha pakati pa kufotokoza ndi mawu angapo, kukulitsa tanthauzo la liwu lakale, kapena kubwereka la Cipwitikizi n'kulilemba m'kalembedwe ka Cinyanja. Njira zonsezi n'zabwino. Coipa n'cakuti mphunzitsi aliyense apeke liwu lake, mwana n'kumva mawu atatu a cinthu cimodzi asanamalize kalasi 6. Misonkhano ya ZIP ndiyo malo oyenera kugwirizana, kulemba mndandanda umodzi wa Cinyanja ndi Cipwitikizi, ndi kuuwonjezera caka ndi caka. Kusiyana kwa kalankhulidwe ka ku Ulónguè, ku Metangula ndi ku Milange sikuyenera kufafanizidwa. Mndandanda ukhoza kusunga maina awiri kapena atatu a mtengo umodzi. Ndipo Cinyanja cisachotsedwe m'phunziro la sayansi cifukwa cakuti kalasi 4 yafika. Mwana afunika mawu onse awiri, la kwawo loganizira ndi la Cipwitikizi la pa mayeso ndi la ku sekondale.

Izi sizikutanthauza kuti zonse zimene zimanenedwa kumudzi n'zoona. Kutentha chire lonse kuti munthu agwire mbewa zocepa kumadziwika kumudzi komweko, monganso kukokera neti ya udzudzu m'madzi osaya. Ulemu weniweni kwa nzeru za makolo ndi kuziyesa monga mmene nzeru ina iliyonse imayesedwera. Ngati akuluakulu akunena kuti mango akabereka kwambiri ndiye kuti mvula idzakhala yotere, kalasi ilembe zimenezo, idikire, n'kudzaona.

Kope limene silisamuka

Kudikira ndi kudzaona kumafuna polemba. Cinthu cotsika mtengo kwambiri cimene sukulu ingayambe, ndipo mwina cofunika koposa, ndi kope limodzi lacikuto colimba lokhala mu ofesi ya mkulu wa sukulu, lolembedwa m'zilankhulo zonse ziwiri, limene ndi la sukulu osati la mphunzitsi aliyense. M'menemo mumalowa tsiku limene mvula yobzalira inagwa, masiku a ng'amba, tsiku limene citsime kapena mtsinje wapafupi unaphwa ndi limene unayambiranso, nthawi imene masuku anapsa, tsiku limene moto unadutsa ndi kumene unacokera, ndi kutalika kwa ulendo wokatola nkhuni monga ana akuufotokozera.

Kuyeza mvula sikufuna cipangizo cogula. Citini ca mbali zowongoka, cosakula kukamwa kuposa pansi, cimaikidwa pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse pa ola lomwelo ana awiri amaviika rula, amawerenga mamilimita, amalemba, n'kukhuthula madziwo. Milimita imodzi ikutanthauza lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pamenepo pali kale masamu okwana milungu ingapo: kuphatikiza mvula ya mwezi, kuyerekeza miyezi, kuwerengera malita amene denga la kalasi limataya pa mvula ya mamilimita 20. Vuto lodziwika n'lakuti mvula yambiri imagwa mu Disembala ndi Januwale, sukulu zili pa chuthi. Ili ndi vuto loti Conselho de Escola likambirane, ndipo kawirikawiri limatha ndi mwana mmodzi kapena kholo limodzi lokhala pafupi ndi sukulu.

Caka coyamba kopeli limaoneka lopanda pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita zaka zisanu kalasi 6 ikhoza kuyerekeza yokha ngati mvula ikucedwa kapena ai, m'malo mongomva kuti nyengo ikusintha. Pakapita zaka khumi sukuluyo imakhala ndi mbiri ya nyengo ya mudzi umenewo imene ofesi iliyonse ilibe, popeza malo oyezera nyengo a INAM ndi otalikirana kwambiri. Zaka ngati 2015/16 ndi 2023/24, pamene El Niño anabweretsa cilala, zikadzabweranso zidzapeza anthu ali ndi poyerekezera. Cimene cimapha nchito yotereyi ndi kusamutsidwa kwa mphunzitsi amene anaiyambitsa. N'cifukwa cake kopelo liyenera kulembedwa pa mndandanda wa katundu wa sukulu, pamodzi ndi mabenci ndi mabuku, kuti wolandira ofesi alilandirenso.

Kubzala ndi kusamalira zitsa

Pa nkhani ya mitengo, muyeso umene wakhala ukugwiritsidwa nchito ndi wolakwika. Malipoti amanena kuculuka kwa mbande zimene zabzalidwa. Ciwerengero cothandiza ndi ca mitengo imene ili moyo pakatha zaka zitatu. Sukulu ikayamba kuwerenga motero, zambiri zimasintha zokha. Nazale imayambidwa ca mu Ogasiti kapena Seputembala kuti mbande zikhale zokonzeka mvula ikakhazikika, kubzala kumacitika m'dzinja mogwirizana ndi makolo, mbande zimakhala zocepa koma zotetezedwa ndi minga, ndipo bulugamu sabzalidwanso pafupi ndi kasupe kapena m'mbali mwa dambo, kumene amamwa madzi ambiri.

Palinso njira ina imene sukulu zimainyalanyaza cifukwa siijambulika bwino pa cithunzi. Mitengo ya miombo ikadulidwa siifa msanga. Citsa cimakhala ndi mizu yakuya ndipo cimaphuka mphukira zambiri. Munthu akasankha ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kudula zotsalazo, n'kuteteza malowo ku moto ndi ziweto, mtengo umakula mofulumira kuposa mbande, wopanda kuthirira. Ku Niger njira imeneyi, imene Tony Rinaudo anailimbikitsa m'zaka za m'ma 1980, inabwezeretsa mitengo pa minda yoculuka zedi. Kadera kakang'ono ka zitsa kuseri kwa sukulu, kopemphedwa kwa mfumu ndi kulembedwa malire, kangakhale kalasi yapanja kwa zaka 20. Kalasi iliyonse imayeza kutalika ndi kunenepa kwa mitengo yake n'kusiyira yotsatira manambalawo. Ana amaphunzira maina a mitengo ya kwawo, osati akasiya ndi bulugamu okha.

Mwana wa wootcha makala

Pali mbali ina imene mabuku amaidutsa mwacangu koma mphunzitsi amakumana nayo maso ndi maso. Boma linawerengera kuti pakati pa 2003 ndi 2013 dziko lino linkataya mahekitala pafupifupi 267,000 a nkhalango caka ciliconse, ndipo coyambitsa cacikulu ndi kutsegula minda yatsopano. M'kalasi iliyonse ya kumudzi muli mwana amene kope lake ndi yunifolomu yake zinagulidwa ndi thumba la makala, kapena ndi fodya amene cigafa cake cinadya milimo yambiri ya mitengo, kapena ndi njerwa zootchedwa ndi nkhuni. Phunziro limene limangonena kuti odula mitengo ndi adani a cilengedwe limauza mwanayo kuti bambo ake ndi cigawenga. Mwana wotero amaphunzira kukhala cete, kapena kunena za m'buku m'kalasi n'kukacita zina kunyumba. Phunziro labwino limafunsa mafunso amene ali ndi mayankho: makala amenewa akupita kuti ndipo amagula ndani, thumba limodzi limadya mitengo ingati, ndi mitengo iti imene imaphukanso, kodi mbaula yosunga moto imacepetsa nkhuni zingati pa mlungu. Funso lomalizali ana akhoza kuliyesa okha ndi mitolo iwiri ya nkhuni ndi mapoto awiri.

Ana a makalasi apamwamba ayeneranso kudziwa kuti cilengedwe cili ndi malamulo ndi eni ake. Lamulo la Malo, Lei 19/97, limazindikira ufulu wa anthu a m'mudzi pa malo amene akhala akugwiritsa nchito mwa mwambo, ndipo limafuna kuti afunsidwe malowo asanaperekedwe kwa wina. Kuyambira 2005 pali lamulo lakuti magawo 20 pa 100 a misonkho ya mitengo ndi nyama zakuchire abwerere kwa anthu a dera limene zacokera. Ku Tete komweko kunabadwira Tchuma Tchato, kutanthauza cuma cathu, pulogalamu ya m'zaka za m'ma 1990 yogawana ndi anthu a m'midzi phindu la nyama zakuchire kufupi ndi nyanja ya Cahora Bassa. Ku Moatize mabanja anasamutsidwira ku Cateme mu 2009 ndi 2010 kuti mgodi wa malasha utsegulidwe. Malamulowa analembedwa m'Cipwitikizi covuta, ndipo misonkhano yofunsa anthu imacitika ndi womasulira. Wacinyamata amene anaphunzira zinthuzi m'zilankhulo ziwiri ndiye adzatha kuwerenga cikalata n'kuuza mfumu ndi anthu zimene zalembedwadi. Mwa zipatso zonse za maphunziro a zilankhulo ziwiri, ici n'cimodzi ca zooneka ndi maso.

Mwa njira, midzi ya Acewa ili kale ndi nkhalango zotetezedwa zimene palibe bungwe linazibzala. Ndi manda. Mitengo ya kumanda siidulidwa wamba, ndipo m'madera ambiri ndi kumeneko kokha kumene kwatsala mitengo ikuluikulu ya makedzana. Malowa ndi ogwirizana ndi dambwe la Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 monga cuma ca Malawi, Moçambique ndi Zambia. Mphunzitsi wanzeru salowetsako ana ndipo safunsa zimene siziyenera kunenedwa. Kuima patali n'kuyerekeza msitu umenewo ndi minda youzungulira n'kokwanira kuonetsa mmene dera lonse linalili, ndi kuti lamulo limene anthu amalilemekeza limasunga mitengo kuposa mlonda.

Dera lililonse ndi phunziro lake

Anthu olankhula Cinyanja sakhala malo ofanana, conco Currículo Local sangakhale mmodzi. Ku mapiri a Angónia ndi Tsangano nkhani yaikulu ndi nthaka: minda ya cimanga ndi mbatatesi pa malo otsetsereka, mizere yolunjika kumunsi, madimba olowa mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Ku cigwa ca Zambezi, kumene kuli tsanya, malambe ndi masau, nkhani ndi kutentha, madzi, ndi njovu kapena ng'ona zimene zimakumana ndi anthu. Ku Mecanhelas kuli nyanja ya Chirua, yosaya, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphwanso mbali yaikulu mu 2018. Okalamba a kumeneko ali ndi mbiri ya mmene anthu anapulumukira ndi mmene nsomba zinabwererera. Ku Lago kuli nyanja ya Niassa, imene mbali yake ya Moçambique inakhala malo otetezedwa mu 2011, ndipo ili ndi mitundu ya nsomba mazana ambiri yosapezeka kwina kulikonse. Mwana wa msodzi amadziwa usipa, utaka, kampango ndi mpasa, koma mwina sanauzidwepo kuti cambo cimaswana m'zisa za pa mcenga m'madzi osaya ndipo cimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Akadziwa zimenezo amamvetsa yekha cifukwa cake khoka lokokedwa kugombe pa nyengo yoswana limawononga nsomba za caka camawa, ndi cifukwa cake kasawala sayenera kugwidwa.

Za ngozi zogwa mwadzidzidzi sizifuna kufotokoza kwambiri kwa aphunzitsi amene anaziona. Mu Malici 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira ku Tete masiku ocepa Idai asanagwe pa Beira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje womwewo. Mu 2023 Freddy analowa m'dziko kawiri, kaciwiri ca ku Quelimane, n'kusiya cionongeko ku Zambézia ndi kum'mwera kwa Malawi. Sukulu ndiyo imasanduka pothawira, ndipo ana ndiwo amafikitsa uthenga kunyumba. Kalasi iliyonse iyenera kudziwa m'Cinyanja tanthauzo la macenjezo a INGD, malo okwera a m'dera lawo, ndi madooko amene sawolokeka mvula ikagwa kumtunda ngakhale kuno kuli dzuwa. Mapu a mudzi ojambulidwa ndi ana, osonyeza pamene madzi anafika m'zaka zimenezo, alowenso m'kope lija.

Mphunzitsi ndi muyeso

Zonsezi zimadalira mphunzitsi amene iye mwini anaphunzira sayansi m'Cipwitikizi cokha, ndipo mwina sanalembepo ciganizo cimodzi ca sayansi m'Cinyanja. Lamulo la maphunziro la 2018, Lei 18/2018, linazindikira maphunziro a zilankhulo ziwiri, ndipo pali pulani yowafalitsa kuyambira 2020 mpaka 2029. Kufalitsako kukapanda kufika m'ma IFP, kumene aphunzitsi amasulidwa, sukulu zidzaculuka koma phunziro la sayansi lidzakhalabe loloweza. Wophunzira uphunzitsi ayenera kutuluka atakonzapo ndi kuphunzitsapo phunziro la zacilengedwe m'zilankhulo ziwiri, panja, ndi kholo kapena msodzi woitanidwa kudzafotokoza. Yunivesite ya Eduardo Mondlane ili ndi digiri ya Educação Ambiental, ndipo omaliza maphunzirowo angathandize kwambiri ngati atagwira nchito limodzi ndi akatswiri a zilankhulo polemba timabuku tating'ono ta dera ndi dera. Nkhani yotumiza mphunzitsi kumene cilankhulo cake cimalankhulidwa ndi yakale, koma pano ili ndi kulemera kwina: mlendo sadziwa maina a mitengo, ndipo amafunika zaka kuti awadziwe.

Kwa ofufuza, muyeso wa kupambana uyenera kusintha monga wa mbande uja. Kufunsa ana ngati kudula mitengo n'kwabwino kapena n'koipa sikuonetsa kanthu, cifukwa onse amadziwa yankho limene mlendo akufuna. Funso loyesa ndi longa ili: mwana wa kalasi 6 aime m'mbali mwa cigwembe ca m'mudzi mwake, afotokoze m'Cinyanja mmene cinayambira, kuyambira pa dontho la mvula logwera pa nthaka yopanda cophimba mpaka pa madzi othamanga m'kanjira, anene cimene cingacitidwe kumtunda kwake, kenaka alembe zomwezo mwacidule m'Cipwitikizi. Ana omwewo akadzafunsidwanso pakapita zaka zisanu, atasiya sukulu kapena ali ku sekondale, m'pamene padzaoneke zimene zinatsalira.

Tsiku la 5 Juni likhoza kukhalabe pa kalendala, koma ndi nchito yogwirizana ndi nyengo yake. Mu Juni udzu wayamba kuuma koma moto waukulu sunayambe, conco ndi nthawi yabwino yolambula mzere woteteza moto kuzungulira kadera ka zitsa ndi mitengo ya sukulu. Ndi nthawinso yowerenga mitengo imene inabzalidwa m'dzinja, kuona yamoyo ndi yakufa, kufunsa cimene cinaipha, ndi kuphatikiza mvula yonse ya nyengo imene yangothayo. Manambalawo awerengedwe pabwalo pamaso pa makolo ndi mfumu, m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi, pamodzi ndi a caka catha, ndipo alendo akafuna cithunzi ajambule tsamba la kopelo.